Kubira ndi Kubera kwa Che Sadiki

Mukatsika basi pa Ulongwe, yang'anani kuseri kwa amayi ogulitsa chimanga. Pansi pa mtengo wa mango muona bambo wina wamfupi, wa chifuwa chotambalala, atagwada pa beseni la madzi akuda, akumiza chubu cha njinga n'kumadikira thovu. Amenewo ndi Che Sadiki. Musawapeputse chifukwa cha beseni. Kuchokera ku Nayuchi mpaka ku Balaka sindikudziwa munthu winanso amene ali ndi mapepala awiri omuloleza kutsika pansi pa madzi. Ndipo zimene anthu a pano anawachita bambowa chifukwa cha mapepalawo, nthawi zonse ndikaziganiza zimandipsetsa mtima.

Che Sadiki anabadwira m'mbali mwa Shire, m'banja la asodzi. Sukulu anaisiyira panjira, napita kunyanja ku Mangochi kukasaka ganyu. Kumeneko anagwa m'manja mwa mzungu wina amene antchito ake ankamutchula kuti Chindevu. Mzunguyu ankagwira tinsomba tamawangamawanga tosakwana ndi kamwa la mwana, n'kumatikweza ndege kuti anthu akunja azikangotiyang'ana. Misala ilipo yamitundumitundu, koma iyi inkalemba anthu ntchito. Chindevu anaveka Sadiki botolo lachitsulo la mpweya kumsana, galasi kumaso, ndi mapazi a bakha, n'kumuphunzitsa chimene anthu a kunyanja amati kubira, ndiye kuti kulowa pansi pa madzi mwadala n'kubwerako wamoyo. Kumira ndi kwina, kumeneko sikufuna mphunzitsi.

Pepala loyamba linali la ongoyamba. Lachiwiri ndi limene Sadiki anavutikira, mpaka makutu kutuluka magazi tsiku lina. Anaphunzira kutsika kwakuya kumene dzuwa limafika litatopa, kufufuza chinthu chotayika m'madzi oti sungaone ndi dzanja lako lomwe, kukweza katundu wolemera popanda kuthyoka msana, ndi kubwerera pamwamba pang'onopang'ono osapitirira thovu la mpweya wako. Lamulo lalikulu linali limodzi: munthu sabira yekha. Pepalalo atalandira analikutira m'pulasitiki, nakwera basi ya kumudzi, mtima uli pa Habiba.

Habiba ankagulitsa mpunga pamsika pomwepa, mtsikana wosaseka zachabechabe, woyeza mbale yake mosaonjeza ndi mosachotsa. Iye ndi Sadiki anali atagwirizana kale. Chinatsala ndi mawu a mjomba wake, ndiye kuti malume ake, Che Ajibu, telala wa pakhonde la sitolo, amene mbumba yonse inali m'manja mwawo. Popanda Che Ajibu kugwedeza mutu, shehe sakanamanga ukwati. Sadiki ankaganiza kuti pepala lija ligwedezetsa mutuwo. Tisabise, mnyamatayo analinso ndi kamatama. Ankayenda pamsika ngati pansi pomwe pali madzi, mapewa ali tambalale.

Tsiku la msika anaima pa mandasi a Mayi Rose. Mayi Rose si munthu woipa. Amapemphera, amathandiza pamaliro, ndipo mandasi awo sadziwa kugona. Kungoti nkhani imakhala mwa iwo monga mmene madzi amakhalira mu dengu. Anamufunsa mnyamatayo kuti kunyanja konse kuja ankatani.

“Ndimaphunzira kubira, mayi,” anatero Sadiki, akusisita thumba la malaya. “Azungu andipatsa ndi satifiketi. Iyi ndi yachiwiri, ya akatswiri.”

Pa nthawi yomweyo lole ya chimanga inali kulira pamsewu. Ndiponso Mayi Rose ndi a ku mapiri, makolo awo anachokera ku Mozambique ndi khasu, osati ndi ukonde, ndipo mawu oti kubira anali asanawamvepo chibadwire. Khutu lawo linatola mawu amene linkawadziwa. Anakoka chitini cha mandasi n'kuchiika pakati pa miyendo.

Pomwe Asilamu ankatuluka mu mzikiti masana, msika wonse unali utadziwa kuti mwana wa asodzi uja wabwera ndi satifiketi ya kubera, yachiwiri, ya akatswiri. Ena anati n'zoona, azungu ali ndi sukulu ya chilichonse. Ena anakonza nkhaniyo kuti iyayi, si satifiketi ya kubera koma satifiketi yobera, anaonera mayeso. Panali kutsutsana kwamphamvu pakati pa magulu awiriwa, koma panalibe gulu lachitatu. Chilembo chimodzi chokha, abale, i kusanduka e, munthu n'kutha ngati makatani.

Sadiki poyamba anaseka. Anatulutsa pepala kuti anthu aone. Koma pepala linali m'Chingerezi, ndipo pakona pake panali chithunzi cha munthu wobisa nkhope m'chigalasi, atanyamula chinthu kumsana. Anthu anati ndi ameneyo, ndi mmene amavalira akamapita. Anyamata a yufi a pachipata cha msika analitembenuza uku ndi uku, nafunsa ngati lili ndi chithunzi cha tambala wakuda. Atauzidwa kuti lilibe, anati ndiye si pepala, atulutse khadi la chipani. Kuyambira sabata imeneyo nkhuku ikasowa, mpeni ukasowa, ngakhale mwamuna wa munthu akachedwa kubwera kunyumba, maso onse ankapita kwa Sadiki.

Che Ajibu ndi amene amandipsetsa mtima koposa, chifukwa iwo mawu oti kubira ankawadziwa. Anakulira pa Shire. Ankhoswe a Sadiki atapita kukafotokoza, telalayo anapitiriza kupalasa makina, ulusi uli pakamwa, nati iwo sakutsutsa, koma mawu awiri sangafanane chotero popanda chibale. Anatinso mkamwini amene msika wonse ukumubisira zitini ndi wovuta kumusunga pakhomo, kaya chilembocho ndi chiti. Adikire kaye, aone.

Akudikira choncho, tsoka linawagwera. Anapeza ntchito yosoka mayunifolomu kutsidya kwa mtsinje, natumiza mutu wa makina awo pa bwato, iwo n'kutsalira kuti abwere ndi nsalu. Mwini bwato anabwerera ali chinyowere, nati mvuu inadzutsa bwato pakati pa mtsinje ndipo makina apita pansi. Che Ajibu anakhala pansi pakhonde, miyendo ili tambalale ngati mwana. Makina amenewo ndiwo anali munda wawo, ng'ombe yawo ndi ulemu wawo. Madzulo ake anaitanitsa Sadiki, namuuza pamaso pa anthu kuti ngati chilembo chija ndi i, akawatengere makina awo mawa, ndipo akatero amulola kukwatira Habiba.

Sadiki anakana. Anati alibe botolo, alibe mnzake, madzi ndi amatope, ndipo iye anaphunzitsidwa kuti wolowa motero amakhala katundu wachiwiri wofunika kuvuula. Anapempha kuti amupatse masiku akatenge zida. Mukanamva kuseka kwake! Anthu amene sangalowe m'Shire ngakhale kufika m'mawondo anamutcha wamantha. Mayi Rose anati iwo ananena kale. Habiba yekha ndi amene anamupatsa mpunga wa kamba wa paulendo.

Anabwerera pa lole ya nsomba ndi mabotolo awiri obwereka kwa Chindevu, chingwe chachitali, chigubu chopanda kanthu, ndi mnzake wa kuntchito dzina lake Blasius, Mtonga wamtali wosalankhula. Mmawa mwake msika unasamukira kudooko. Asodzi anayamba amenya madzi ndi nkhafi kuti ng'ona zitalikire. Sadiki anafunsa mwini bwato pamene anagubudukira, nayang'ana mmene madzi akukokera, naponya mwala womanga chingwe kumunsi pang'ono kwa malowo. Kenaka awiriwo anavala zida zawo, anthu akubwerera m'mbuyo, nalowa.

Zimene ankachita pansipo ndi zimene pepala lachiwiri lija limatanthauza. Blasius anagwira chingwe pamwala, Sadiki n'kumazungulira akupapasa matope ndi manja, akamaliza kuzungulira amatalikitsa chingwe pang'ono, n'kuzunguliranso. Kumtunda anthu ankangoona thovu likuyenda mozungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Dzuwa lisanafike pamutu thovulo linaima malo amodzi. Sadiki anamangirira makina ku chigubu, nachidzaza mpweya wa m'botolo lake, ndipo chigubu chinatumphuka chokha, makina a Che Ajibu akulendewera kunsi kwake, ali matope okhaokha.

M'dziko la anthu olongosoka apa ndi pamene amayi akanaimba nthungululu. Koma mawu oyamba anachokera kwa bambo wina wogulitsa fodya, amene anafunsa anzake kuti kodi munthu angapeze bwanji chinthu m'madzi oti saona, ngati sanachiike yekha. Mawuwo anayenda m'khamumo ngati moto wa m'tchire la mu Okutobala. Ena anakumbukira kuti mwini bwato ndi Sadiki anavinidwa jando limodzi. Ena anati mvuu imeneyo palibe anaiona. Ena anati masiku amene anapempha aja anali oti nkhani izizire. Pomwe Sadiki ankavula mapazi a bakha, mlandu unali utaweruzidwa kale: akanalephera akanakhala wabodza, wapeza ndiye kuti ndi wakuba.

Che Ajibu anakumbatira makina awo, akuchotsa matope ndi mpango wa kumutu. Sadiki anaima patsogolo pawo, madzi akuchucha, nawakumbutsa mwaulemu za lonjezo lija.

“Walahi, makina ndawaona,” anatero telalayo osakweza maso. “Koma baba, mwawapeza msanga kwambiri. Mukanavutikako pang'ono.”

Blasius, amene sanatsegule pakamwa chifikire, anafunsa ngati akufuna awabwezere pomwe anali kuti ayambirenso mwaulesi. Palibe anaseka. Pamenepo Habiba anatuluka pakati pa amayi, mbale yake yoyezera mpunga ili m'manja, chifukwa sankaisiya paliponse. Anagwada patsogolo pa mjomba wake monga mwa mwambo, nayankhula motsitsa mawu, koma dooko lonse linamva.

“Mjomba, makina anu asokera anthu onsewa zovala, palibe mmodzi ananyowetsa chala. Wanyowa ndi uyu. Ngati ameneyu ndi wakuba, ine ndikupita kukakhala ndi wakuba, inu mutsale ndi anthu abwinowa.”

Anadzuka, natola mapazi a bakha aja, nawaika pamutu ngati nkhuni, n'kuyamba kuyenda. Sadiki anamutsatira, botolo lili kumsana. Awiriwo anakwera lole ya nsomba yomwe ija. Ukwati anakamangitsa kwa shehe wa ku Mangochi, mboni ya mkazi ali m'bale wina wa bambo ake amene sankagwirizana ndi Che Ajibu pa nkhani ya mbuzi. Kuno ku Ulongwe msika unapuma mpweya wa chisangalalo, poti tsopano umboni unapezeka: mnyamata uja wawabera Che Ajibu mwana wa mlongo wawo dzuwa likuswa mtengo, ndiye chilembo chinali e kuyambira pachiyambi.

Patapita zaka Chindevu analongedza n'kupita kwawo ndi mabotolo ake onse, ndipo pepala lopanda botolo ndi chimodzimodzi laisensi yopanda galimoto. Banjali linabwerera kumudzi ndi ana atatu. Che Ajibu anali atakalamba, maso atachita khungu, ndipo amene anawatenga kukawasunga ndi Habiba. Makina aja akugwirabe ntchito, amene amasokera ndi mwana wamkulu wa Che Sadiki. Nkhalambayo mpaka lero ikamva mkamwini akulowa m'nyumba imapapasa pansi pa mphasa kuona ngati lumo lake lilipo, kenaka n'kulandira tiyi kuchokera m'manja omwewo.

Mapepala awiri aja ali pakhoma, m'pulasitiki yomwe ija. Mukapita ndi njinga yophulika, Che Sadiki adzamiza chubu m'beseni, n'kuchizunguliza pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo, osadumpha pena, mpaka thovu litaoneka. Sachedwa kupeza pobooka. Ndipo Mayi Rose, amene akugulitsabe mandasi pafupi pomwepo, adzakunong'onezani kuti muganizire bwino chifukwa chake amapapeza msanga chotero.