Ngalande Imene A Fintan Anakwirira

Mu Burnley muno mukafunsa za a Fintan Heneghan, aliyense akuuzani kuti ndi munthu wa luso, wosakana kuthandiza mnzake. Ine ndikamva zimenezo mtima umandiwira. Ndi alamu anga, anakwatira mng'ono wanga Glenys, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu takhala tikusiyanitsidwa ndi khoma limodzi, iwo m'nyumba yakumapeto kwa mdadada, ine m'nyumba yotsatira. Ndiye za luso lawolo musandiuze ine.

Anachoka kwawo ku Mayo, kutsidya kwa nyanja, asanamere ndevu, atanyamula fosholo ya bambo awo, ndipo moyo wawo wonse anaudyera m'ngalande za mapaipi a madzi. Palibe msewu m'tauni muno umene sanaung'ambe. Mukamayenda nawo amaloza pansi n'kumakuuzani chaka chimene anaikapo paipi. Koma kunyumba kwawo mpopi unkangodontha ngati mphuno ya chimfine.

Nyumba zisanu ndi imodzi za mdadada wathu zinkamwera paipi imodzi ya mtovu, yakalekale, yaing'ono ngati chala. Madzi ankayamba kudutsa kwa ena tonsefe, kwa Glenys n'kufika otsalira. Ine ndikatsegula mpopi, kwake kunkauma gwa. Choncho akafuna kusamba ankagogoda khoma katatu ndi mtengo wa tsache, ine n'kusiya kutsuka mbale. Ana atatu anawalera ndi madzi opempha pakhoma. M'mawa ankatchera ketulo pampopi, kutsegula mpaka kumapeto, n'kukwera kukayala mabedi, ndipo potsika ankaipeza isanadzaze.

Akadandaula, a Fintan ankati adikire chisanu chithe. Chisanu chikatha, ntchito yachuluka. Loweruka ankakakumbira anzawo omwa nawo mowa, ankakakumbira ansembe, ngakhale bwalo la mpira analikumbira, koma pakhomo pawo ayi. Atapuma pantchito ndinati tsopano zitheka. Anayamba kuweta nkhunda.

Chaka chatha impso za Glenys zinasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata galimoto ya odwala inkamutenga kusanache, kuzungulira naye tauni yonse kutola anzake, kukamutsuka magazi kuchipatala, n'kumubweza madzulo ali lefu, osatha ngakhale kuvula jasi. Anamwino anati makina otsukira magaziwo angathe kuikidwa kunyumba. Mayi woona za makina atabwera anatsegula mpopi, anauyang'ana, kenako anayang'ana ife. Anati makina amafuna madzi amphamvu, ndipo a m'paipi ya mtovu safunika n'komwe. Anatipatsa mpaka kumapeto kwa Novembala. Kupyola apo makinawo apita kwa wina wapamzere, Glenys ayambenso kudikira. Ine ndinkamuona mng'ono wanga mmene ankathera, ndipo ndinadziwa kuti chisanu china m'galimoto ija sachimaliza.

A Fintan ndinawapeza kukhola la nkhunda.

"Alamu, mukufuna mkazi wanu akafere m'galimoto ya odwala? Tauni yonse ikumwa madzi anu, iye yekha ndiye analakwa chiyani?"

"Nanunso alamu, pakamwa panu ndiye pali mphamvu ya madzi," anatero. "Tikanalumikiza makinawo pamenepo."

Sindinaseke. M'mawa mwake anatulutsa piki ndi fosholo.

Ndisaname, inali ntchito yosiririka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, koma ngalande inkayenda yowongoka kuchokera kumsewu, kutsata khoma la m'mbali, kulowera kukhitchini. Mafiti awiri ndi theka kuya kwake, kuti chisanu chisaumitse madzi. Pansi ankathira mchenga, n'kugoneka paipi yatsopano ya pulasitiki ya buluu. Ankakumba chigawo, kuyala paipi, kukwirira, kubwezera miyala, mawa chigawo china. Lamulo lawo linali lakuti ngalande sigona yotsegula. Ali mnyamata anasiyapo ina, mayi wina wokalamba anagweramo ndipo sanayendenso mpaka imfa yake. Kuyambira pamenepo a Fintan sanapite kunyumba dzenje lili kukamwa yasa. Tsiku lachitatu anasesa pabwalo, moti simukanadziwa kuti panadutsa munthu. Ine chitsiru ndinawaphikira tiyi.

Lachisanu kunabwera woyendera wa kampani ya madzi, bambo wandevu, tepi yoyezera ili m'manja. Anazungulira nyumba kawiri n'kufunsa kuti ngalande ili kuti. A Fintan anaponda pansi monyadira, nati ili pansi apa. Bamboyo anati sangalole kulumikiza kumsewu paipi imene sanaione ndi maso, ndipo kalata imene anatumiza inanena poyera kuti ngalande isiyidwe yotsegula mpaka iye atayeza.

"Mwana iwe, ine ndinkaika mapaipi iwe ukuyamwa," anatero a Fintan.

"Sindikukana, bambo. Koma tepi yangayi siona pansi pa miyala."

Tsiku lina limene akanatha kubweranso linali patapita masiku khumi ndi awiri. Ndinawerenga pa zala ndipo ndinapeza kuti pofika tsikulo padzatsala masiku anayi okha kuti Novembala athe, ndiye pambuyo pake abwerenso olumikiza paipi kumsewu.

Kalatayo ndinakaipeza kukhola, yosatsegula, atatsindikira chitini cha chakudya cha nkhunda. Safunsa anadya phula, koma phula ili amene ankalidya ndi mng'ono wanga. A Fintan ndinawauza zonse zimene ndinasunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinati munthu amene anagwa m'dzenje lawo zaka zakalezo amamukumbukira tsiku lililonse, koma amene amagona naye chipinda chimodzi sanamuonepo akukweza zidebe pamasitepe ali ndi pakati. Ndinati ubwino wawo ndi wa pamsewu, woti anthu aziwagulira mowa. Anthu a nyumba zinayi zija anatuluka kudzamvera, ine sindinatsitse mawu. Kenako ndinatola piki n'kumenya mwala woyamba, unasweka pakati.

Anandilanda pikiyo mwakachetechete, nati ndiboola paipi. Tinafukula awiri, iwo ndi piki, ine ndi fosholo, mvula yozizira ikutilowa m'khosi. Zikhatho zanga zinatuluka matuza, ndipo thuza lililonse ndinkawatukwanira mumtima.

Ndiye ngalande inayenera kukhala yotsegula masiku khumi, ndipo apa ndinaona munthu akuzunzika. Anazula matabwa a khola la nkhunda n'kuvundikira. Atachepa anachotsa chitseko chake. Nkhunda zinabalalika, zina sizinabwerere. Tsiku lonse ankakhala pampando pakona ya nyumba atavala jasi, kuchenjeza aliyense wodutsa, ngakhale wa makalata amene ankayenda tsidya lina la msewu. Chisoni chinandigwira pang'ono, koma ndinachibweza.

Woyendera atabweranso anayeza malo asanu ndi limodzi, ndipo ponseponse anapeza mafiti awiri ndi theka ndendende. Anati ngalande yotere sanaionepo. A Fintan anandiyang'ana kuti ndimve. Ine ndinayang'ana kumsewu. Olumikiza anabwera kutatsala tsiku limodzi, ndipo makina anakhala a Glenys.

Madzulo a tsikulo tinali atatu m'khitchini. Glenys anatchera ketulo, natsegula mpopi mpaka kumapeto monga mwa masiku onse, n'kutembenuka kuti azipita. Madzi anamenya ketulo n'kuthovukira pawindo, pamakabati, kumsana kwake, paliponse. A Fintan anaseka mpaka kugwira tebulo. Glenys anatseka mpopi pang'onopang'ono, madzi akuchucha m'tsitsi mwake. Mng'ono wanga si munthu wokweza mawu.

"Fintan, munakumba masiku angati?"

"Atatu basi, mayi," anayankha, chifuwa chili patsogolo. "Wina aliyense ikanamutengera sabata."

"Atatu," anatero Glenys.

Anatenga kansalu n'kupukuta mikono yake, umene uli ndi zipsera za singano poyamba, kenako winawo. Kuseka kwa a Fintan kunatha kokha.

Makinawo anawaika m'chipinda chapansi, pafupi ndi khoma lathu lija. Pakhomapo pali kadzenje kolowa nkhonya ya mwana, pamene mtengo wa tsache unkamenya zaka zonsezi. A Fintan anabwera ndi simenti m'kambale kuti amatepo, ndipo Glenys anawauza kuti akangopakhudza iye asamukira kwa ine. Tsopano iwo ndi amene amamulumikiza kumakina, ndipo amachita bwino, manja awo sanjenjemera. Akamaliza amakhala pampando umene Glenys anawaikira, woyang'ana kukhomako, maola anayi, katatu pa sabata.