Botolo la Jamu Kuseri kwa Shuga

Lachiwiri ndinaperekeza amuna anga, bambo a Tadala, kukatenga mapiritsi awo a BP kufamase ina yakalekale mkatikati mwa Toronto. Sabata yatha anachita chizungulire pokwera sitima ku Oshawa mpaka kukhala pansi, ndipo chiyambire tsikulo mtima wanga uli m'mwamba.

Tili pamzere, maso anga anagwa pashelefu ya pamwamba. Panali mitsuko yoyera mbee, yamaluwa abuluu, uliwonse ndi dzina lake lagolide. Ndinafunsa mayi wopereka mankhwala kuti muli chiyani. Akuti mulibe kanthu, n'zokongoletsa chabe. Kale ankasungamo mizu, makungwa ndi masamba ouma.

Mizu! Makungwa! Si zomwezi ife timachita nazo manyazi?

Kenaka mayiyo anafunsa bambowa ngati pali mankhwala ena amene akumwa.

"No, nothing," anayankha, nkhope ili gwa.

Ndinawaponda phazi. Kunyumba kwathu, kuseri kwa shuga, kuli botolo la jamu lodzadza ufa wofiirira umene achemwali awo anatumiza kuchokera ku Dedza. Lilibe dzina, lilibe mlingo. Amathira m'phala m'mawa uliwonse, supuni yonse kapena theka, malinga ndi mmene adzukira.

"Mayi a Tadala, musandi-embarrasse pano," anandinong'oneza. "Za kumudzi izi, sangamvetse."

Anzanga, tisanamizane. Ndi nyumba zingati kuno zopanda kabotolo kotere? Ambirife timasamala okalamba a eni ake. Piritsi lililonse timalilemba, nthawi yake, mlingo wake. Tikaweruka tikukameza ufa wosadziwika pamwamba pa mankhwala a dokotala, ndipo akatifunsa tikukana kwamtuwagalu.

Sindikunyoza mankhwala a makolo ayi, inenso anandilera. Chikundiwawa ndi kubisaku. Dokotala si woombeza maula. Adziwa bwanji kuti m'thupi mwakumana mankhwala awiri olimbana? Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinaponya botolo lija m'chikwama, ulendo wa kufamase, n'kukaliika pakauntala, pansi penipeni pa mitsuko ija. Ndinkayembekeza kusekedwa. Mayiyo sanaseke. Anatsekula, kununkhiza, n'kufunsa modekha kuti ndi mtengo wanji.

Pomwepo ndinaimbira alamu anga ku Dedza.

"Iii, mlamu, dzina sindidziwa," anatero. "Ndinangogula pamsika. Anati amatsitsa BP."

Amatsitsa BP! Pamwamba pa mapiritsi otsitsanso BP, mwa munthu amene anatsala pang'ono kugwera panjanji.

Mayiyo anati bambowa ayambe asiya ufawo mpaka dokotala awaone, ndipo botolo lipite nawo. Bambo a Tadala lero ndi tsiku lachitatu akundiyankha ndi mutu wokha. Palibe kanthu, bola andikwiyire ali moyo.

Mitsuko ija ili ndi mayina koma ilibe kanthu. Lathu linali lodzadza, koma dzina lake sanalidziwe ngakhale amene anatumiza. Nanga inu, lanu lija kuseri kwa shuga, muli mtengo wanji?