Wonyamula makope a aphunzitsi

Abiti Yunusu a ku Nkopola akhala akugulitsa zitumbuwa pageti pa sukulu ya pulayimale kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mwana wawo Zena, wa Sitandade 6, atasankhidwa kuti azikasiya makope kunyumba kwa aphunzitsi, iwo anayesa ulemu. Ankamusitira yunifolomu, n'kumulangiza kuti, "Aphunzitsi akakutuma, usamakane."

Zena sanakanedi. Anangosiya kuseka, kenaka kudya, kenaka sukulu. Tsiku limene anaulula zimene aphunzitsiwo ankamuchita akatseka chitseko, mayi akewo sanalire. Mphunzitsi uja anangosamutsidwira kusukulu ina.

Abiti Yunusu akadali pageti pomwepo. Mtsikana aliyense akamadutsa atasenza makope, iwo amasiya beseni lawo, amamulanda makopewo, n'kukawatula okha pakhomo pa aphunzitsi.