Tayala Lodyeka Mbali Imodzi

Tayala lakutsogolo la njinga yamoto silidyeka mbali imodzi popanda chifukwa. Ine sukulu ndinayamba ndevu zitamera kale, koma za matayala palibe angandinamize. Mpweya ukachepa, limatha m'mbali zonse ziwiri n'kusiya pakati. Ukachuluka, limatha pakati pokha. Likamatha mbali imodzi, yang'anani foloko ngati inapindika, yang'anani masipoko, kenako muyang'ane msewu. Msewu wa tala amaumanga wotukuka pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, ndiye ife oyenda kumanzere tayala lathu limakhudza kwambiri kudzanja lamanja. Zonsezi zikakhala bwino, funsani mwini njingayo kuti amanyamula chiyani.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito ya boma yoyendera madoko a asodzi, kuchokera ku Nkhudzi mpaka ku Makokola. Anandipatsa njinga yamoto ndi lamulo limodzi lolimba: osakweza munthu. Wopezeka atakweza ankalandidwa njinga, ndipo wopanda njinga ntchito imeneyo inali itamuthera. Masiku amenewo sunkadziwa amene angakunenere. Alipo anthu amene ndinawadutsa pamsewu akundiimika, ena a iwo amandilandabe tulo mpaka lero.

Koma apongozi anga, mayi a mkazi wanga, sindikanawadutsa. Anadwala chifuwa chachikulu, ndipo atatuluka m'chipatala ku Mangochi anauzidwa kuti azibwerako kawirikawiri kukapimidwa ndi kukatenga mankhwala. Basi inali yosadalirika, ikabwera inkabwera yodzaza ndi madengu a usipa. Ine ndinkakhala chikamwini pamudzi pawo. Ndikanayang'ana kuti?

Vuto linali ulemu. Mkamwini ndi apongozi sayandikizana. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Moni tinkapatsana wina ali kuseri kwa nkhokwe. Ndiye taganizani anthu awiri otere pa njinga imodzi. Iwo ankakhala cham'mbali monga amakhalira amayi onse, miyendo yonse kumanzere kuthawa paipi ya utsi. Koma sankakhala pampando. Ankasunthira kumbuyo kwenikweni pakaliyala, n'kupendekera kunja, nkhope kuthengo, kuti ngakhale nsonga ya mpango wawo isandikhudze. Njinga inkakokera kumanzere ulendo wonse, ine n'kumaigonekera kumanja kuti tisagwe. Polankhula sankalankhula ndi ine. Ankauza njinga.

"Njinga iyi ichepetseko liwiro."

Ine n'kuyankha kutsogolo, "Yamva."

Itafika nthawi yoonetsa njinga ku ofesi, tayala lakutsogolo linali litatha mano kudzanja lamanja, kumanzere lili ngati latsopano. Bwana wathu anali munthu wa kumpoto, wamtali, wodziwa njinga chifukwa anayamba wayendapo zaka zambiri. Anagwada, nayendetsa chala patayalapo.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Msewu, bwana. Ndi wotukuka pakati."

"Anzanuwa amayenda m'mwamba?"

Analoza njinga za anzanga. Zawo zinali zodyeka kumanja pang'ono chabe, monga zimayenera kukhalira.

"Kapena foloko, bwana."

Anaima kutsogolo, napana tayala ndi mawondo, nayang'ana foloko ndi diso limodzi. Inali yowongoka. Anagogoda masipoko, onse analira bwino. Anapima mpweya. Kenako anapukuta manja n'kundiyang'ana.

"Ndi wa kuti mkaziyo? Wa ku hotela ku Makokola?"

Anzanga anaseka. Wina anati, "Akuluwa ndi ofatsa pamaso pokha!"

Ndinaona kuti bodza latha. Ndinati, "Ndi apongozi anga, bwana. Ndimapita nawo kuchipatala."

Apo ndiye anaseka onse mpaka wina anakhala pansi. Bwana yekha sanaseke. Anagwadanso n'kuyang'ana tayala lija nthawi yaitali.

"Mukuseka chiyani inu?" anatero. "Chibwenzi chimakumbatira. Chikanakhala chibwenzi, tayalali likanatha pakati. Uyu ndi munthu amene akuthawa woyendetsa."

Ananditengera pambali. Anati iye sanamve kanthu, ndipo tayala latsopano andipatsa. Koma matayala akutha ankatumizidwa kulikulu, kumene kunali anthu odziwanso kuwerenga tayala. Limodzi akanati ndi foloko. Lachiwiri lodyeka chimodzimodzi likanabweretsa mafunso amene iye sakanatha kuwayankha.

"Likadzatha chonchi lachiwirili, njinga mudzaisiya pompano. Kaya muwauza bwanji apongozi anuwo, izo n'zanu."

Kuwauza bwanji? Mkamwini angatsegule pakamwa kuuza apongozi kuti sunthirani kuno, mundigwire m'chiuno? Ndinafotokozera mkazi wanga. Iye anayamba waseka, kenako anapita kwa mayi ake. Ndinkamva ndili patali mawu akukwera m'Chiyao. Anabwerako ndi yankho: mayi akuti bola kufa ndi chifuwa.

Sindinakwiye. Anali kunena zoona zawo. Koma mankhwala anali asanathe, ndipo ndinkadziwa kuti akasiyira panjira chifuwa chidzabwerera.

Mkazi wanga ndiye anapeza njira. Tsiku la ulendo anatenga thumba la ufa lopanda kanthu, nalipinda, naikamo nsanza mpaka linakhala ngati pilo. Analimangirira kumsana kwanga. Kenako anatenga chitenje chake, nachikulunga ngati chingwe, nandimanga nacho m'chiuno, mfundo yaikulu kumbuyo.

"Amayi, apa mukutsamira thumba. Apa mukugwira chitenje changa. Mkamwini wanu mwamukhudza pati?"

Apongozi anazungulira njinga, nayang'ana thumba, nayang'ana mfundo. Anatuma mwana wawoyo kuti akaitane mlongo wawo, mwini mbumba, kuti adzaone. Iye anabwera, naona, nati thumba si munthu. Atamva zimenezo apongozi anakwera. Anakhalabe cham'mbali, koma tsopano pampando, phewa lili pathumba, thupi lili pakati pa njinga. Nditangonyamuka ndinamva kusiyana m'manja. Njinga inayenda yokha mowongoka, mapewa anga anamasuka koyamba.

Titadutsa Makokola ndinalowa m'dzenje limene sindinaliwone. Apongozi anakoka chitenje ndi mphamvu zonse, mfundo inandifinya m'mimba mpaka ndinalira ngati mbuzi. Kenako ndinamva thumba likugwedezeka pamsana panga. Anali kuseka, atatseka pakamwa ndi mpango.

Tinayenda choncho mpaka adokotala ananena kuti chifuwa chapola. Tayala lachiwiri linatha bwinobwino, kumanja mopitirira pang'ono chifukwa cha msewu, ngati la wina aliyense. Bwana analiyang'ana, nalisainira, naliponya pamulu.