Chala pa Pepala la Opareshoni

Mkazi wanga ankazindikira anthu poyang'ana mapazi awo. Khosi lake linapindika pang'onopang'ono mpaka chibwano chinatsala pang'ono kukhudza pachifuwa, ndipo pomwa madzi ankachita kupendekera thupi lonse kumbuyo. Kumudzi ankati ndi ukalamba. Ine ndinkadziwa pomwe zinayambira.

Titangokwatirana tinkagulitsa nkhuni. Iye ankakwera phiri la Michesi n'kutsika ndi mtolo pamutu, ine ndinkadikira m'munsi ndi njinga. Tsiku lina, tili kale ndi ana anayi, anaterereka pamwala wonyowa, mtolo n'kumupinda khosi. Anagona masiku atatu. Kenako ndinamupotera nkhata yokhuthala ndi manja angawa, ndinati, "Yesani iyi, siikupwetekani." Anailandira, nakweranso phiri. Kuchipatala sindinapite naye. Masiku amenewo masana ndinkapita kusukulu ya akuluakulu kukaphunzira kulemba, ndipo sindinkafuna kujomba.

Chaka chatha manja ake anayamba kuchita dzanzi. Kapu inkamupulumuka, miyendo ankaikoka pansi. Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku Blantyre, ndipo tinapita atatu, ine, iye ndi alamu anga, mlongo wake wamkulu. Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo matenda akakula, wolamula ndi mlongo wa wodwalayo. Ine ndine mkamwini chabe, ngakhale mutu uli mbuu.

Dokotala anationetsa chithunzi cha mafupa a m'khosi. Anati apindikira kutsogolo ndipo akufinya mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana. Adzang'amba khosi, kuwongola mafupawo, n'kuwamanga ndi tizitsulo. Sanatibisire kuti opareshoniyo ili ndi ngozi zake, komanso kuti khosilo silidzatembenukanso bwino. "Koma tikalisiya chonchi," anatero, "mayiwa adzaleka kuyenda."

Namwino anabwera ndi pepala lovomereza. Ine ndinatulutsa cholembera m'thumba la malaya. Kusaina ndinakudziwa ndili ndi ana anayi, ndipo ndimakunyadira mwina mopitirira.

"Bwezani cholemberacho, alamu," anatero alamu anga. "Khosi la munthu sadula. Si nkhuku iyi."

"Mwamva zomwe anena adokotala."

"Ndamva. Mukufuna mumalize zomwe munayamba ndi nkhata ija?"

Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti nkhaniyi ankaidziwa. Ndinaika cholembera pabondo.

Namwino uja anatiyang'ana tonse awiri, anali wotopa ngati ife. "Abambo, pepalali si lanu, si lanunso achimwene. Ndi la mwini khosi."

Mkazi wanga anali pabenchi, maso ali pasimenti. "Mwamaliza awirinu?" anafunsa. "Achimwene, nsapato zanuzi ndi zomwe munavala pamaliro a amayi. Ndatopa kuona nsapato. Bweretsani pepalalo."

"Chemwali, mukafera momwemo ndikanena chiyani kumudzi?"

"Mukanene kuti ndinafuna ndekha."

Kulemba sadziwa, chifukwa pomwe ine ndinkaphunzira iye anali kuphiri. Namwino anabweretsa inki yodindira, koma dzanja silinkamvera, chala chinkangopita pambali.

"Bambo, ndigwireni chala," anandiuza. "Mudinde bwino, musanjenjemere. Paja ophunzira ndinu."

Ndinagwira chala chake chachikulu. Chinali chozizira. Ndinachidinda pamzere pomwe ndinkaganiza kuti ndilemba dzina langa.

Tsiku la opareshoni analowa naye m'mawa, anatuluka naye dzuwa litapendeka. Ine ndi alamu anga tinadikira pabenchi imodzi tsiku lonse.

Tsopano tili kumudzi. Amayenda ndi ndodo, dzanja lamanzere dzanzi silinathe, ndipo munthu akamuitana amatembenuka thupi lonse. Koma mutu unadzuka. Adokotala analetsa kusenza kanthu kalikonse, ndiye nkhuni ndimakatola ine, tochepa, ndikupuma kangapo panjira. Azimayi akandiona amaseka, ndimangowapatsa moni.

Tsiku lina takhala pakhonde ndinayamba kunena za nkhata ija. Mawu ndinali nditawakonza kwa sabata yathunthu, koma anatuluka opindikapindika. Iye anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, monga sanachitire kwa zaka zambiri.

"Mwakalamba," anatero. "Sindinkadziwa kuti mwakalamba chonchi."

Ndinadikira kuti anenenso china. Anangopempha madzi akumwa, ndipo ndinadzuka kukatunga.