Chipembere cha bambo

Bambo anamwalira mwezi umene makuponi a feteleza anatuluka. Kuponi yathu inabwera m'dzina lawo, eni ake ali kale m'manda, ndipo anakatilandirira ndi bambo aang'ono ife tikadali pasiwa.

Kale bambo ankaphikira alendo kupaki ya nyama, ndipo mzungu wina anawapatsa khobidi lasiliva lodzaza chikhatho cha mwana. Mbali imodzi linali ndi chipembere. Anawauza kuti si logulira zinthu, n'losunga, chifukwa nyamayi ikutha. Bambo ankalipukuta ndi phulusa n'kumadzitama kuti zipembere zonse za ku Kasungu zinapita, chatsala n'chawo chokha.

Tsiku lometa, abale awo anayala mphasa pabwalo. Kwathu katundu yense wa womwalira amatulutsidwa poyera kuti abale ake agawane, poti ana timawerengedwa kwa mayi. Panabwera njinga, wailesi, jekete, ngakhale chisingano chosokera fodya. Ine ndinkadziwa kuti khobidi lija lili pamfundo ya chitenje cha mayi.

Bambo aang'ono anayang'ana pamphasa, kenako anayang'ana mayi.

"Alamu, chindalama chija chili kuti?"

"Chimenecho anasiyira anawa, alamu," anayankha mayi ataweramitsa mutu.

"Wakufa sagawa katundu." Anasolola kuponi ija m'thumba la malaya n'kuiika pabondo. "Iyinso ili m'dzina la akulu anga. Musankhe nokha."

Munda wathu wa ku Kaomba ukapanda feteleza, chimanga chimathera m'mawondo. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, m'nyumba muli ana ang'onoang'ono. Ndinafuna kulalata, pajatu pakamwa panga sipachedwa, koma azakhali ananditsina pantchafu mpaka misozi. Mayi anayesa kumasula mfundo ija ndi zala, inakana. Anaimasula ndi mano, n'kuyenda chogwada kukaika khobidilo pamphasa. Kuponi anachita kuwaponyera. Tsiku limenelo ndinadana nawo bambo aang'ono, sindibisa.

Iwo ankaganiza kuti agulira ng'ombe. Tinamva kuti anazungulira nalo m'magolosale mpaka ku Boma, koma aliyense ankangolitembenuza n'kuwabwezera, amvekere ndalama imeneyi kuno siyenda.

Chimanga chathu chinabereka bwino chaka chimenecho. Chitakhwima, mayi anandisenzetsa dengu la mondokwa kuti ndikawapatse alamu awowo, ati ulemu sutha ndi maliro. Ndinapita ndikung'ung'udza njira yonse.

Ndinawapeza kuseri, akudyetsa nkhumba. Chitseko cha khola chinali chalata lakale, ndipo pofuna kuti lata lisavuke pamsomali, anali ataphatikizapo khobidi lija. Msomali unalowera pamimba penipeni pa chipembere.

Ndinagwada n'kutula dengu. Nditafika kunyumba mayi anafunsa ngati alandira, ndipo ndinangoti alandira.