Mtengo wa nandolo unkafika mochedwa kwathu

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe mwana wanga anamubweza kusukulu kachiwiri chifukwa chosowa fizi. Sindinalire ayi, kulira kukanamubwezera m'kalasi? Ndinagulitsa mbuzi, mwana n'kuwasiyira amayi, ine n'kukwera thiraki pa boda ya Mwanza. Amayi anangoti, “Pita Esitere, koma ukakakhuta uzikumbukira kuti kuno wasiya anthu.”

Ku Joni ndinaona mbonaona, ndisaname. Kuzizira kolowa m'mafupa, chipinda chothithikana, ndipo Lamulungu lonse limatha popanda wondifunsa kuti mwadzuka bwanji. Ndikatumiza uthenga kumudzi, yankho limabwera mawa lake kapena mkuja, chifukwa kwathu kwa Kanduku netiweki imachita kusakidwa. Amayi ankatenga foni popita kunkhuni kuti mwina ikagwira kuphiri.

Ntchito ndinaipeza yokolopa mu ofesi ya anthu ogula ndi kugulitsa chimanga. Koma abale, mu ofesimo munalibe ngakhale njere imodzi! Anthu ankangoti maso tong'o pa makompyuta, manambala akusinthasintha. Tsiku lina okonza msewu anadula waya wa intaneti, uja amati faiba. Mabwana anathamangira kulumikiza makompyuta ku mafoni awo, manambala n'kuyambanso kuoneka, koma bwana wamkulu anamenya tebulo mpaka kapu kugwa. Ndinafunsa mayi wina wa ku Zimbabwe yemwe ankalemba mu ofesimo kuti chavuta n'chiyani poti zinthu zikuoneka.

“Zikuoneka, koma n'zakale,” anatero. “Pa waya mtengo umafika nthawi yomweyo. Pa foni umayamba wapuma panjira. Ukamati ndigule, anzako agula kale.”

Ndinapitiriza kukolopa, koma mawu amenewo anandikhala mumtima.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mwana watalika kundiposa, komanso nandolo atabereka zedi. Malonda ake anali akale omwe aja: venda amabwera ndi lole ndi sikelo, n'kutchula mtengo, aliyense n'kugulitsa payekha akung'ung'udza. Ine ndiye ndinatukula mutu. Ndinauza azimayi anzanga kuti tiunjike matumba pakhonde panga, tigulitse pamodzi, ndipo mtengo tiziudziwa tokha. Ogula a ku Limbe amalemba mitengo yawo m'gulu lina la pa foni, ine n'kulowamo. Koma foni yanga ndimaidziwa ulesi wake. Ndiye ndinapangana ndi mng'ono wanga Felista, amene amagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala pa boma, pomwe pali intaneti ya waya.

“Mtengo ukangosintha, undiimbire,” ndinamuuza. “Usanditumizire uthenga, udzafika nandolo atadyedwa. Kuimba kumadutsa ngakhale intaneti itakana.”

Tsiku la tsiku, lole inafika m'mawa. Venda wake, a Jakisoni, anatsika akupukusa mutu ngati abwera kudzanena maliro. “Zavuta azimayi, mtengo wagwa ku Limbe. Ine ndangobwera kudzakuthandizani.” Anatchula mtengo wake wotsika kwambiri.

Ndinatsegula foni yanga. Kachizindikiro kosonyeza kuti foni ikusaka netiweki kamangozungulira, mtengo womwe umaoneka unali wa dzana. A Jakisoni anali atadutsa pa boma m'mawa womwewo, ndiye za lero amazidziwa ndi iwowo. Ndinaimbira Felista, iye n'kuti magetsi azima, intaneti nayo yazima, akudikira eni shopu alize jenereta.

Atsibweni anga anayamba. “Iwe Esitere, msewu wathu ukuudziwa. Lole iyi ikapita ibweranso ina liti? Anankafumbwe akalowa m'matumbamu, udzawalipira ndiwe anthuwa? Nzeru za ku Joni sitidya ife!”

Mayi wina anayamba kukoka thumba lake. Sindikumunena, anali ndi mwana m'chipatala. Ndinadziwa kuti ngati mtengo wagwadi, ndiye ndawaphera anthu chaka chonse, ndipo m'mudzi muno sindiyendamonso. Koma ndinakhala pathumba, n'kupinda manja.

“A Jakisoni, ngati wagwa, tionetseni pa foni yanuyo.”

“Batire yatha, mayi.”

“Ndiye tidikire limodzi.”

A Jakisoni anakwiya, nakwera lole, n'kuiliza mwaukali. Inanyamuka ndithu, fumbi koboo. Azimayi anandiyang'ana ndi maso oti ndikanakhala nkhuku bwenzi nditaphedwa. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe foni imagwirako pang'ono, nkhope nditaumitsa.

Kenaka foni inalira. Ndinakweza mawu ake kuti aliyense amve yekha.

“Achemwali, musagulitse!” anakuwa Felista. “Wakwera m'mawa uno, ogula akuchita kulimbirana!”

Kunabuka nthungululu. Atsibweni anavula chipewa n'kuchivalanso, osadziwa chochita nacho. Ndipo lole ija sinapite patali ayi, inali itaima pamtsinje kudikira kuti tiithamangire. Itaona kuti palibe akubwera, inabwerera yokha chafutambuyo. A Jakisoni anatsika akuseka. “Koma mayi inu ndinu ovuta!” Ndinati eya, ndine wovuta, tsitsani sikelo. Anagula pa mtengo wa tsiku lomwelo. Ndinanyada tsiku limenelo, sindibisa, ndipo ndimanyadabe.

Lole itapita, amayi anakhala pakhonde lopanda kanthu lija, ndalama zawo atazigwira m'manja osazimanga pansalu.

“Ndiye kuti zaka zonsezi nandolo wathu sanali wotchipa?”

“Ayi amayi. Timangomva mochedwa.”

Anayang'ana kumunda. Ine ndinapita mpaka ku Joni ndikuganiza kuti kwathu n'kosauka, chonsecho chuma chimatuluka pamsewu womwewu ife tikuthokoza woyendetsa lole.

“Tikanamamva msanga,” anatero amayi, “bwenzi mwana wako utamulera wekha.”